Mafuta Anu Aja, Mlamu

Mphiri inaluma amuna anga m'mawa wa Lachisanu, nyengo yozizira, tikukolola mtedza m'munda mwathu kufupi ndi msewu wa ku Chipangali. Inali itabisala pansi pa mulu umene tinaunjika dzulo lake. Iwo anangoti "Mayo!" kamodzi, n'kukhala pansi. Pamene anzawo ankawafikitsa kunyumba pa machira a matumba, mwendo wa kumanzere unali utatupa mpaka m'bondo, ndipo timabala tiwiri ta pa kakolo tinkatuluka magazi osaleka.

Ufulu tinali titalandira kale, mbendera yatsopano ikuuluka pa sukulu, koma zaka zimenezo mafuta a galimoto anasowa m'dziko. Tinkangomva kuti njira ya kumwera yatsekedwa. Dizilo ndi petulo ankagula ndi makuponi, ndipo basi inkatha masiku osaoneka. Chipatala chokhala ndi jakisoni wa njoka chinali ku Chipata, kumene masiku amenewo tinkangoti ku Boma. M'mudzi mwathu munali galimoto imodzi yokha, lole yakale ya dizilo ya mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga. Inali itaima masabata atatu pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikusamba fumbi m'munsi mwake.

Mlamu wangayo anaphunzira za injini pa famu ya fodya ya mzungu. Kutchalitchi analeka kalekale, ndipo mowa ankaukonda. Zonse za chikhulupiriro ankazitchula ngati katundu wanga. Akandipeza ndi kolona ankati, "Mlamu, mwayambanso mikanda yanu ija?" Madzi odalitsidwa anali "madzi anu aja," ansembe anali "azungu anu aja." Ndinkamupempherera, inde, koma ndivomere kuti ndinkatero ngati munthu uja woimirira m'kachisi, wothokoza Mulungu kuti sali ngati enawo.

Chaka chapambuyo pake mayi anga anali atamwalira osadzozedwa mafuta a odwala, chifukwa njinga yamoto ya ansembe inalibe petulo. Nkhani imeneyi inandikhala pamtima ngati mwala. Ndinalonjeza pamaso pa Ambuye kuti wina wa m'nyumba mwanga sadzapitanso choncho.

Tsono m'mawa umenewo ndinali nditagwada pakhonde, ndikupukuta thukuta la amuna anga, pamene mlamu anafika akuthamanga. Anayang'ana mwendo, anatsegula chikope cha mkulu wake ndi chala, kenaka nkhope yake inachita mdima. Anatembenukira kwa ine.

"Mlamu, mafuta anu aja. Thamangani, nthawi palibe."

Ine ndinamva chinthu chimodzi chokha. Ngati munthu wosapemphera ngati uyu waitanitsa mafuta, ndiye kuti waona imfa. Sindinafunse. Ndinamanga chitenje n'kuliyatsa liwiro.

Ntchito yanga masiku amenewo inali yokazinga zitumbuwa pa msika wa thonje, m'mbali mwa msewu. Mafuta a mtedza akada, oti sangakazingenso kanthu, ndinkawathira m'zitini ziwiri zazikulu kuti ndidzapangire sopo. Zitinizo zinkakhala m'kanyumba kanga ka pamsikapo, kiyi wake ndinkamanga pa nsonga ya chitenje. Mlamu ankawadziwa mafutawo, ankawatcha phula. Njira ya ku msika ndi ya ku tchalitchi chathu chaching'ono inali imodzi mpaka pa dambo. Iye atandiona ndikulowera kumeneko anakhulupirira kuti tamvana, ndipo anapita kukakonza lole. Ine pa dambo ndinakhotera kumanja, kutchalitchi, poti tinamva kuti sabata imeneyo ansembe abwera.

Ndinathamanga mpaka m'chifuwa munatentha. Kutchalitchi ndinapeza chitseko chotseka. Akazi a akatekisiti anatuluka m'khitchini ndi lichero m'manja nandiuza kuti ansembe atumiza mawu, petulo alibe, abwera mwezi wamawa. Ndinagwa pansi. Mayi aja anandidzutsa, natenga buku lawo la mapemphero a akufa, ndipo tinabwerera limodzi. Pobwerera sitinathamange. Tinkathamangiranji? Ndinkalira njira yonse, ndipo amayi ena a m'minda atamva kulirako anasiya makasu n'kutitsata.

Pochoka ndinasiya mthunzi wa mango utatalika mpaka pa nkhokwe. Pofika unali utabwerera pansi pa mtengo. Mlamu anali ataima pa msewu, manja akuda bii, akuyang'ana gulu lathu.

"Mafuta ali kuti?"

"Ansembe kulibe, alamu," ndinayankha ndikusisima.

"Ansembe? Alowapo bwanji ansembe? Lole imamwa ansembe?" Anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Ndati mafuta anu a zitumbuwa, mlamu! Phula lanu lija! Munthu akupuma uyu, inu mwamuitanira kale maliro!"

Kiyi anali pa chitenje changa nthawi yonseyo, akundimenya pa ntchafu pamene ndinkathamangira kolakwika. Mlamu sanadikire kuti ndimasule mfundo, anadula nsongayo ndi mpeni, nakwera njinga. Posachedwa anabwera ndi zitini ziwiri zija atazimangirira kumbuyo.

Chifukwa cha kuzizira mafutawo anali atalimba ngati phala la dzulo, nyenyeswa zopserera zili mbwee. Analamula kuti tikoleze moto, ndipo tinawatenthetsa mu mgolo umene mkazi wake ankafululira mowa. Kenaka anafuna nsalu yosefera. Thumba linali ndi maso aakulu, bulangeti linali lokhuthala. Anayang'ana uku ndi uku.

"Duku lanu loyera la Lamulungu lija, mlamu. Bweretsani."

Ndinalitenga m'bokosi. Amayi awiri analigwira m'makona, iye akuthira pang'onopang'ono, ndipo duku limene ndinkalandirira nalo Ukaristia linada ndikuona. Anasefa kawiri. Atatero anafuula kuti aliyense abweretse parafini wa m'nyali yake, kuti mafutawo apyapyale. Amayi amene anabwera kudzalira anabalalika, nabwerera ndi timabotolo ndi tikoloboyi, wina supuni ziwiri, wina theka la kapu. Ndinakumbuka anamwali aja amene anakana kugawira anzawo mafuta a nyali, ndipo ndinaona kuti pano palibe anakana.

"Kodi iyenda, alamu?" ndinafunsa pamene ankathira m'thanki.

"Madala a pa famu ankanena kuti nthawi ya nkhondo injini yopopa madzi inkayendera mafuta a mtedza."

"Inu munaiona?"

"Sindinaione."

"Nanga ikakana?"

"Ikakana yakana. Kadizilo kotsala m'mapaipi n'kongodzutsira injini, sikangatifikitse ngakhale pa mlatho. Kwerani, mafuta asanazizire."

Batire inali yofooka, choncho amuna a m'mudzi anakankha. Lole inatsokomola, inagwedezeka, n'kulira. Tinagoneka amuna anga pa matumba kumbuyo, mutu wawo pa miyendo panga, akazi a akatekisiti atagwira mwendo wotupawo kuti usagunde zitsulo. Titayenda pang'ono utsi unasintha. Unayamba kununkhira zitumbuwa, fungo la pa msika Loweruka m'mawa. Anthu a m'njira ankatembenuka, agalu ankatithamangira. Ine ndinkayang'ana m'kamwa mwa amuna anga, ndipo nkhama zawo zinali zitayamba kuchucha magazi. Kutupa kunali kutadutsa bondo. Pa katumba panatuluka matuza akuda.

Msewu unali wa fumbi ndi mabampu. Injini sinkalira monga mwa masiku onse. Inkalira mozama, ngati munthu wa chifuwa, ndipo pokwera paliponse inkachita ngati ikuganiza kaye. Ndinkamvetsera kulira kwake ndi khutu limodzi, kupuma kwa amuna anga ndi linalo, osadziwa kuti chiyambe kuleka n'chiti.

Chinayamba ndi injini. Tinali titawoloka kamlatho kopapatiza, tili pakati pa chitunda chachitali, mapiri a ku Chipata akuoneka patsogolo. Inatsokomola katatu n'kukhala chete. Kunalibe mudzi pafupi, kunalibe munthu, koma njiwa zokha zikulira m'tchire.

Mlamu anatsika, anaika mwala kuseri kwa tayala, natsegula kutsogolo. Anamasula kachitini ka sefa ya injini nandionetsa. Munali zinthu zakuda zonanda, zimene duku langa linalephera kugwira. Anazikokota ndi chala, natsuka ndi parafini amene anasunga m'kabotolo. Kenaka anaika paipi kukamwa, anayamwa, analavula, anayamwanso, mpaka mafuta anabwera. Milomo yake inali noninoni. Anapopa kachitsulo kena kambirimbiri kuti mpweya utuluke. Atayesa kuliza, batire inangoti kwe, kwe, basi.

Anabwera kumbuyo nasuzumira mkulu wake. Amuna anga anali atasiya kubuula. Maso anali otseka mwatheka.

"Mlamu," anatero, "yambani mikanda yanu ija."

Munalibe chipongwe m'mawu akewo, ndipo chimenecho chinandiopsa kuposa magazi.

"Okankha palibe," anapitiriza. "Ndiibweza chambuyo kutsetsereka, idzuke yokha. Mumugwire zolimba."

"Nanga mlatho uja?"

"Ndauona."

Anachotsa mwala, nalumphira m'kati. Lole inayamba kubwerera, poyamba pang'onopang'ono, kenaka mwaliwiro. Ife a kumbuyo ndife tinali patsogolo tsopano, tikuona kamlatho kakukula, ndi miyala ya mumtsinje wouma m'munsi mwake. Akazi a akatekisiti anafuula dzina la Ambuye. Ine kolona inali m'manja koma mawu ake anandithawa. Chimene chinabwera ndi nkhani ya mkazi wamasiye uja wa nthawi ya chilala, amene nsupa yake ya mafuta sinaphwe. Ndinati, Ambuye, ake anali oyera, anga ndi akuda, otsala, oti nditaye. Ine ndine wopusa amene ndataya nthawi ya munthu wanu. Koma musandiyese wamasiye lero.

Lole inagwedezeka mwamphamvu, mutu wanga unagunda thabwa. Inagwedezekanso. Matayala anakhukhuluza fumbi. Kenaka utsi unatuluka wambiri, wonunkhira zitumbuwa, ndipo injini inabangula. Tinaima pafupi ndi mlatho kotero kuti ndikanatha kuulavulira. Mlamu sanatulutse mutu kuti atione. Anaika giya, ndipo tinakwera chitunda chija mwa kayendedwe ka ng'ombe yotopa.

Tinafika ku chipatala dzuwa litapendeka. Anamwino anawanyamula amuna anga, anawabaya jakisoni, anawaika madzi a m'botolo. Madzulo omwewo kunabwera wansembe wina woyendera odwala, ndipo namwino anandifunsa ngati ndikufuna kuti awadzoze mafuta. Ndinangogwedeza mutu kuvomera. Anawadzoza, mlamu ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, malaya ake akununkha msika.

Amuna anga sanafe. Koma patapita masiku phazi linada lonse, ndipo madokotala anadula mwendowo m'munsi mwa bondo. Ndinamutsatira namwino uja pakhonde n'kumufunsa kuti, tikanafika dzuwa lisanafike pamutu, kodi mwendo ukanapulumuka? Anandiyang'ana nati, "Amayi, zimenezo adziwa ndi Mulungu." Ndinafunsa ansembe poulula machimo. Anati kusamva bwino si tchimo. Ndinavomera, koma ndinkadziwa mumtima kuti sindinangolephera kumva. Ndinali nditamuweruza kale mlamu wanga kuti m'kamwa mwake mungatuluke chipongwe chokha, ndipo ndinafulumira kukonzera amuna anga imfa yabwino m'malo mofunsa mawu amodzi.

Injini ya lole ija sinachirenso bwino. Inayenda miyezi ingapo ikufuka, kenaka lole inagona pansi pa mango mpaka kudyedwa ndi dzimbiri. Mlamu sanadandaulepo pamaso panga, ndipo za ulendo wanga wa kutchalitchi sanamuuze mkulu wake. Amayi a m'mudzi nawonso anasunga pakamwa. Amuna anga ndinawauza ndekha, patapita zaka, tikusenda mtedza pakhonde. Anasisita pa chitsa cha mwendo wawo.

"Ine za tsiku limenelo ndikumbuka fungo lokha," anatero. "Ndinkadabwa kuti kumwamba akazinganso zitumbuwa."

Anaseka, koma za mwendo sananene kanthu, ndipo sindinawafunsenso. Anakalamba, anaona zidzukulu. Zaka zonsezo m'mawa uliwonse ndinkadzuka ndi kugogoda kwa ndodo yawo pa simenti, ndipo mtima wanga unkabwerera pa dambo paja, pamene njira zimagawikana.

Mpaka lero munthu akanditchulira mafuta, kaya m'khitchini kaya m'sitolo, sindisuntha ndisanafunse kuti, "Mafuta ati?" Zidzukulu zanga zimaseka, zimati agogo makutu atha. Ndimazisiya ziseke, koma ndimadikira mpaka zitandiyankha.