Kachidole Kopindika Msana

Lachitatu, mwezi wa Novembala

Ndadzuka nditakwiya kale, ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Filimu yanga ikufunika kusukulu Lachisanu, koma kachidole kanga ka pepala, kamene filimu yonse yatsamirapo, kali m'chikwama cha azakhali. Akukana kundibwezera.

Zinayamba ndi aphunzitsi athu a Chijeremani. Masabata atatu apitawo anationetsa timafilimu takale ta makatuni, topangidwa ku situdiyo ya boma ku Germany ya kum'mawa, nthawi imene dzikolo linali logawika pawiri. Tina tinali ta zidole zamtengo, tina tojambula pamanja. Anzanga ankangoyasamula. Ine kamene kanandigwira mtima ndi ka zithunzithunzi: anthu akuda bii, odulidwa pa pepala lolimba, akuyenda pa galasi lowala. Munalibe mawu, nyimbo yokha basi, koma ukaona kayendedwe umadziwa kuti uyu watopa, uyu akunama. Aphunzitsi anati opanga mafilimuwo boma linkawayang'anira, choncho zambiri ankazinena ndi mapewa ndi khosi la chidole. Kenako anati aliyense apange kake ka mphindi imodzi.

Ntchito yake ndi yotopetsa. Ndinachotsa shelefu yagalasi m'firiji n'kuisanja pa milu iwiri ya mabuku, tochi pansi, foni pamwamba. Umasuntha mwendo pang'ono, n'kujambula, kusunthanso, kujambulanso. Basi ikadutsa mumsewu, nyumba yathu yakale ino ya ku Govanhill, kuno kunja kumene tikukhala, imanjenjemera, kachidole n'kusendera kokha, ndiye uyambirenso. Masiku khumi ndangopanga masekondi makumi anayi.

Kachidoleko ndi mayi amene akukwera masitepe atanyamula zikwama. Aphunzitsi anati tiziyang'ana mmene munthu weniweni amayendera, ndiye ine ndinkayang'ana azakhali, alongo awo a bambo, amene anabwera kuchokera ku Malawi chaka chatha ndipo amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Timagona chipinda chimodzi. Akamabwera kuchokera kuntchito ndinkawasuzumira ndili pamwamba pa masitepe. Maondo ndi zigongono za kachidoleko ndinalumikiza ndi timaphini, ndipo kumutu ndinamatako meshi imene inatsala poluka tsitsi lawo. Kuwapempha sindinawapemphe. Sindinaganizeko n'komwe.

Dzulo masana azakhali akusesa anapeza kachidoleko pansi pa bedi, m'bokosi la nsapato. Nditabwera kusukulu ndinapeza bokosilo lilibe kanthu, iwo ali kukhitchini osandiyang'ana. Amayi anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino: chidole chakuda, cholasidwa maphini, tsitsi la munthu, pansi pa bedi la munthu yemweyo. Ankadziletsa kuseka, komabe anati ndikapepese. Ndinayankha m'Chingerezi chathu chothamanga cha kuno, kuti imeneyo ndi homuweki, ndipo sindingapepese chifukwa cha zikhulupiriro za kumudzi. Ndinakweza mawu dala kuti azakhali amve. Anamva.

Lero ndinaweruka ndi mtima woti ndikawaphunzitse. Ndinatsegula laputopu patebulo la kukhitchini, n'kuika kafilimu ka ku Germany kaja. Ndinafotokoza za galasi, za tochi, za ntchito ya maphini, ngati ndikuyankha mayeso. Anaonera mpaka kumapeto uku akusenda anyezi. Kenako anati ndiwaonetse kanga. Mayi uja anayamba kukwera, sitepe imodzi, ina, kupuma, dzanja m'chiuno, msana utapindika.

"Bwezanso," anatero. Ndinabweza.

"Iwe ukuyesa ndikuopa ufiti? Ndasambitsapo mitembo ine. Ndingaope pepala?"

"Nanga bwanji simukundipatsa, azakhali?"

"Ndimayenda chonchi?"

Amayi ali pa sinki anati, "Alamu, mwanayutu ali ndi diso. Ngakhale kapumidwe kanu ka pa sitepe yachitatu wakagwira." Ankafuna kuseketsa, koma azakhali sanaseke. Anati kwathu ku Malawi anali mphunzitsi wa masewera, ankathamanga ndi atsikana a netibolo bwalo lonse osapuma. Zithunzi zimene amatumizira ana awo amajambulitsa ataima chilili, chifuwa patsogolo. Chaka chimodzi chokha chonyamula anthu pabedi, ndiye mwana wa achimwene awo akaonetse msana wawo kalasi yonse? Ndinati palibe amene angadziwe kuti ndi iwo, ndi chithunzithunzi chabe chopanda nkhope. Anati iwo akudziwa. Anatseka zipi ya chikwama n'kulowa kuchipinda.

Chikundipweteka n'chakuti kachidoleko ndinakapanga bwino. Kakanakhala koipa azakhali sakanadzizindikira. Madzulo ano ndayesa kudula kena kowongoka msana, koma kakuyenda ngati msilikali, ndipo sikakugwirizana ndi zimene ndajambula kale. Munthu sangakwere theka la masitepe ali wotopa, theka linalo ali pa perete. Kuyambiranso zonse, masiku awiri sangakwane. Pepala lakuda latsala limodzi. Amayinso akufuna shelefu yawo, akuti atopa kugoneka mkaka cham'mbali.

Ndikufuna kukwiyira azakhali, koma mawu aja a zikhulupiriro za kumudzi akungondibwerera m'makutu. Masiku onsewa ndinkawaona akuvutika pa masitepe, ine ndikuwerenga kuti phazi likutenga zithunzi zingati kuti lifike pansi. Kutsika kukawalandira chikwama ayi. Komabe kachidole kanga ndikukafuna, ndipo filimuyo ndikufuna aphunzitsi aione, chifukwa sindinapangepo chinthu chabwino chonchi.

Mawa ndikaweruka sindibwera kunyumba, ndikadikirira azakhali pa siteji ya basi. Ndikapepesa m'Chichewa, pang'onopang'ono, ndipo amayi asakhalepo kuti ayambe nthabwala zawo. Kenako ndiwapempha kuti masekondi makumi awiri otsalawo asankhe okha chimene mayiyo achite akafika pamwamba. Akakana, Lachisanu ndikauza aphunzitsi kuti filimu yanga sinathe, ndipo mbali imene ndajambulayo sindikaonetsa aliyense.