Fanizo ndi Bolodi la Pamtengo wa Mbawa

Kwathu ndife a maso akuthwa. Ine ndikaima pa Tsangano ndimaona nsabwe ikuyenda m'ndevu za Mpwitikizi kutsidya kwa malire, n'kudziwanso kuti ndi yaikazi. Chabwino, limenelo ndi bodza. Koma za mphwanga Fanizo, mwana wa mlongo wanga Dailesi, ndi zoona: chinthu chikangotalikira pang'ono, kwa iye chinali nkhungu ya mwezi wa Juni.

Anakula anthu osazindikira. Ankayenda choweramira, namavulira chipewa aliyense, ngakhale chitsa, ndiye akulu ankati, "Koma mwana waulemu uyu!" Ntchito yake inali yoluka malichero, nsungwi ili pamphuno penipeni, ndipo malichero akewo sankataya ngakhale kambewu ka mawere.

Mavuto anayamba atatomera Lufina. Mwambo mukuudziwa: mkamwini akaona apongozi aakazi akubwera, amapatuka. Nanga iye akanawadziwa bwanji? Basi, mkazi aliyense akatulukira panjira, Fanizo patchire phi! Miyendo yonse inatha ndi chitedze. Tsiku lina anatopa nazo. Anaona nsalu yofiira ikubwera, nati uyu ndi Lufina, nafika pafupi akumwetulira.

"Wadzuka bwanji, iwe?"

Anali apongozi.

Bambo ake a Lufina, a Thomasi, sanakweze mawu. Anati, "Mnyamatayu kaya ndi wamwano, kaya ndi wakhungu. Akalembetse za ku migodi ya ku Joni, kumeneko amapima maso. Akamutenga, za mwanozo tidzakambirana, malowolo adzapereka pobwera. Akamukana, Lufina amuiwale."

Inali nthawi imene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha. Ndinamuperekeza wapansi mpaka ku boma ku Ntcheu. Njira yonse Fanizo sanalawe mbatata yomwe amake anamuwotchera. Ankangotsinzina diso ili, kenako linalo, kuyesa kuwerenga ng'ombe za eni ake kudambo, namafunsa, "Malume, akandikana ndikalowera kuti?"

Ku boma amuna anaima pamzere, malaya atavula. Pamtengo wa mbawa anapachikapo bolodi la zizindikiro zonga foloko ya mano atatu, zazikulu pamwamba, zotsika m'munsi zikunka zichepa. Wothandiza dokotala, a Sidiki, ankatseka munthu diso limodzi ndi kapepala kolimba, munthuyo n'kumaloza kumene mano a foloko ayang'ana. Mzere unkafupika. Mtima wa Fanizo unkagunda mwakuti agalu a ku Manjawira anauwa, ndikulumbira.

"Wotsatira! Dzina?"

"Fanizo, bwana."

"Ine si bwana. Loza. Ili pamwambayi yayang'ana kuti?"

Fanizo anasuzumira, misozi n'kulengeza. Ankaona choyera chabe, ndi kakuda kosungunuka pakati. Analoza kumwamba.

"Iyi?"

Analozanso kumwamba.

"Achimwene, zonse zikupita kumwamba? Ndi mapemphero kodi?"

Mzere wonse unaseka. A Sidiki anasiya nthabwala, natenga chitsulo chonga magalasi, namuveka, n'kuyamba kulowetsamo timagalasi tosiyanasiyana. Atalowetsa kagalasi kena, Fanizo anakuwa, "Mayo!" Mtengo wa mbawa unali ndi masamba, lililonse palokha. Mafoloko onse anawaloza bwinobwino mpaka m'munsi.

"Ndiye ndapambana?" anafunsa Fanizo.

"Maso akowa ndi oona pafupi, si matenda opatsirana," anatero a Sidiki. "Magalasi angakuthandize, amachokera ku Blantyre. Koma pamzere uno timalemba oona ndi maso awoawo. Pepa."

Fanizo anangoti chilili, chitsulo chija chikadali pankhope. Ine zinandikhudza, ndiye ndinasendera pafupi n'kumugwira phewa.

"Limba mtima, mphwanga. Taona uko kumsewu! Lufina watitsatira, akukukupizira dzanja. Mkazi woyenda mtunda wonsewu angamvere a Thomasi?"

Anatembenuka mofulumira. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine, m'maso mwenimweni, koyamba chibadwire.

"Malume," anatero, "lija ndi thumba la chimanga, lili panjinga. Chikukupizacho ndi chisanza chomangira."