Abambo Anakana Kuchoka pa Maliro a m'Gemu

Chaka chimene abambo anadwala sitiroko, ine ndi achimwene tinasanduka pakamwa pawo. Dzanja lamanja linafooka, mwendo unkakoka, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi wakutha. Akayamba kuti "Ndi... ndiku...", ine ndinkamalizitsa: "Mukufuna tiyi." Achimwene ankamalizitsa zawo: "Akufuna kugona." Mwina munthu ankafuna kunena kuti nsapato ikumuthina, koma ankapezeka atagwiritsidwa kapu ya tiyi, atafunditsidwanso bulangete. Ife tinkati tikuwathandiza.

Tinkakhala awiri, ine ndi abambo, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Elsburg, ku Joni. Ntchito yanga inali ku Jet Park, m'nyumba yosungiramo katundu, kutsegula makatoni amene ogula abweza n'kuona ngati zam'kati zili bwino. Ndinkanyamuka m'mawa n'kubwera madzulo, abambo n'kutsala okha tsiku lonse. Achimwene, amene amayendetsa galimoto yonyamula katundu ku Spartan, zimenezi zinkawasowetsa mtendere, ndiye anapeza njira: abambo apite ku Malawi, kwa azakhali, kumudzi kumene anachokako asanamere ndevu. Munthu wokulira m'mafamu a ku Zimbabwe, wokalambira ku Joni! Kumudziko ankangokumbukirako dzina la phiri. Koma ndisaname, inenso ndinavomera, chifukwa ndinali nditatopa. Tinagwirizana kuti mu Disembala akwere basi, ndipo abambo eni akewo tinangowauza monga muja umauzira mwana kuti mawa akukameta.

Mayi amene ankawachititsa mafizo kuchipatala anati zala za kumanjazo zizigwira ntchito, nawapatsa kampira kofinya. Abambo anakafinya masiku awiri, lachitatu anakaponyera galu wa eni nyumba. Sabata yomweyo kuntchito kunabwera makina a gemu, katoni yake itaphwanyika, ndipo zoterezi amatigulitsa motchipa ife antchito. Ndinagula. Pakamwa ndinkati n'za zala za abambo, koma mtima wanga ukudziwa. Ine magemu ndinayamba kuwakonda ndili kamtsikana, ndipo mpaka lero sindinachire.

Gemu yoyamba inali ya mpikisano wa magalimoto. Abambo asanapeze batani, galimoto yawo inali itaomba kale chipupa. Anandibwezera chowongoleracho mwaulemu ndi manja awiri, ngati akubweza mbale. Yachiwiri inali ya nkhani, yomwe inkafunsa wosewera mafunso: upita kumanja kapena kumanzere, umukhululukira munthuyu kapena ayi. Tinaisewera Loweruka lina masana. Abambo anasankha kukhululukira, munthuyo anafa. Anandiuza ndi dzanja kuti tibwereze. Anasankha kusakhululukira, munthuyo anafabe, pamalo pomwepo, ndi nyimbo yomweyo. Anayang'ana kanemayo nthawi yaitali, kenako anati, "Afunsa... koma... asankha kale." Ndinaseka. Nditayang'ana nkhope yawo kuseka kunandithera, chifukwa sankayang'ana kanema, ankayang'ana ine.

Yachitatu ndi imene inawagwira. Inali nkhani ya munthu wapaulendo wokwera hatchi amene akufunafuna mlongo wake wotengedwa ndi achifwamba. Ukakumana ndi munthu, pakanema pankabwera mayankho atatu kapena anayi, ndipo munthuyo ankangoima n'kumakudikirira. Ankaphethira, ankakanda ndevu, mphepo n'kumawomba udzu, koma sankakuyankhira. Ukhoza kupita kukaphika n'kudya, ukamabwera umupeza akudikirabe. Pa dziko lonse la Joni, ndi anthu a m'kanemamo okha amene ankadikira abambo kuti amalize kuganiza.

Chingerezi ankachiwerenga, poti ku Zimbabwe anakhalapo kapitawo, koma tsopano ankawerenga pang'onopang'ono, ndiye Loweruka ndi Lamlungu ine ndinkawamasulira iwo n'kumasankha. Kaseweredwe kawo kankandipsetsa mtima. M'gemumo ukhoza kulowa m'nyumba iliyonse, kutsegula mabokosi n'kutenga zomwe wapeza. Aliyense amatero, n'chifukwa chake mabokosiwo anawaika. Abambo ankaima pakhomo n'kunena mokweza kuti "Odi!" Popanda woyankha ankatembenuka. Ndikawauza kuti m'katimo muli mankhwala ndi zida, ankangoti, "Za eni." Mwana aliyense wa m'njira ankamupatsa moni. Ulendo umene anzanga akuntchito ankautha m'masiku atatu, ife unatitengera mwezi. Chinanso, ankabera: chowongolera ankachiika pamwendo n'kumadina ndi dzanja lamanzere lokha, lamanjalo lili gone pambali ngati mlendo.

M'nkhanimo munali mkulu wina wolondera mlatho, amene anadzipereka kutiperekeza. Anali wolongolola, wokonda kudandaula za mawondo, ndipo abambo anamukonda kwambiri. Ankamutcha "madala wanga". Loweruka lina achifwamba anatitchera m'chigwa, ndipo madalayo analasidwa n'kufa. Pakanema panabwera zosankha ziwiri. Kutsata mapazi a achifwambawo mvula isanawafafanize, kapena kutsala kuti tiike maliro.

Ine ndinkadziwa kale yankho. Kuntchito, pa nthawi ya nkhomaliro, anyamata a pagome lathu anali atandiuza: pamenepo umathamanga, ukatsala umataya mapazi, umataya hatchi, n'kuyenda ulendo wozungulira wotopetsa. Ndiye ndinamasulira mwaukathyali. Yoyambayo ndinaithira mchere: "Tithamange tikapulumutse mlongo wathu nthawi isanathe!" Yachiwiriyo ndinangoti, "Kapena tikhale kaye pano."

Abambo anasendeza mpando. Anatsinzina diso limodzi, milomo ikuyenda, chala chikutsata mawu pakanema. Kenako ananditembenukira.

"Bodza."

"Abambo, ndi gemu chabe. Munthu ameneyu kulibe. Tikachedwa titaya hatchi."

"Ayikona!" Liwu lokanira limeneli, la m'masiku awo a kumigodi, sitiroko inalephera kuligwira, linkatuluka lathunthu. Anapuma, n'kuyambanso. "Maliro... n'kulirana."

Anadina kutsala. Ndinaganiza kuti tiona kachithunzi kachidule n'kupitirira, koma opanga gemuyo sanatero. Anatipatsa ntchito. Wapaulendoyo ankayenera kutola miyala m'mbali mwa mtsinje, umodziumodzi, kuinyamula n'kukaunjika pamanda, ndipo mwala uliwonse unkafuna kuti ugwire batani mpaka ufike. Ukasiya, mwalawo unkagwa. Mvula inayamba, mapazi a achifwamba aja n'kumafafanizika ife tikuona.

Apo ndi pamene abambo ananyamula dzanja lawo lamanja ndi lamanzere, n'kulikhazika pa chowongolera. Kwathu munthu supereka chinthu ndi dzanja lamanzere, ngakhale kapu ya madzi. Nanga mwala wa pamanda a mnzako? Chala chachikulu chinaterereka, mwala unagwa. Anabwerera kumtsinje. Unagwanso. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwathandize, anandimenya pankono ndi chigongono. Wachitatuwo unafika. Thukuta linkatsika m'khosi kulowa m'kolala, mpweya ukumveka ngati akukwera phiri, koma miyala yonseyo anaiunjika ndi dzanja limene kwa miyezi isanu linkakana kugwira supuni. Atamaliza anavula chipewa. Ine ndinali pambali misozi ili mbwembwembwe, kulirira munthu amene ndinali nditangonena kumene kuti kulibe.

Mafilimu a maliro ndaonera ambiri, ndipo ena ndinalira nawo. Koma mufilimu manda amakumbidwa kaya iwe ukufuna kaya ayi. Ukhoza kutuluka kukagula chimanga, ukamabwera aika kale. Pano tikanatha kuthawa, ndipo palibe akanatiimba mlandu. Mandawo analipo chifukwa abambo anatsala, basi.

Zimene anyamata aja ananena zinachitikadi. Hatchi inathawa, mapazi anatha, ulendo unatalika. Ndinanyanyala, ndinasiya kumasulira. Abambo sanadandaule, anayamba kusewera okha masana ine ndili kuntchito, kudziwerengera okha Chingerezi chija. Ndikamabwera ndinkapeza atadziphikira tiyi kuti asataye nthawi kudikira ine, ndipo ankandifotokozera zomwe zachitika, mawu anayi, asanu, tsiku lina chiganizo chathunthu chonyoza mfumu ina ya m'gemumo kuti ndi yaumbombo. Ndinaphunzira kuluma lilime. Si chinthu chapafupi kwa munthu wa pakamwa ngati ine.

Kumapeto kwa Novembala, Lamlungu titabwera kutchalitchi, anafika pachipata cha mzinda umene munali mlongo uja. Apa ndinkadziwanso: anzanga onse anamenyapo nkhondo yoopsa, ena anagwapo kakhumi, ndipo zala za abambo sizikanaitha nkhondo imeneyo. Ndinakonzeka kulandira chowongolera. Mkulu wa alonda, mzimayi wankhope yolimba, anatsika pakhoma n'kutiyang'ana. Ndinawerenga mawu ake, ndipo ulendo uno ndinamasulira liwu ndi liwu. Anati abusa a nkhosa anamuuza za mlendo amene anaima pamvula kuunjika miyala pamanda a bambo ake a mzimayiyo, madala a pamlatho aja. Anatembenuka n'kulamula kuti chipata chitsegulidwe.

Ndinalulutira! Galu wa eni nyumba anauwa, mayi mwini nyumba anathamangira kudzaona ngati kwagwa zovuta. Anapeza ine ndikuvina pakati pa chipinda, abambo atakhala mowongoka, akulowa mumzindamo poyenda wapansi, osasolola lupanga, akupatsa moni mlonda aliyense. M'mawa mwake kuntchito palibe anandikhulupirira mpaka ndinawaonetsa zimene ndinajambula pafoni. Mmodzi anagwira pakamwa n'kuti, "Eish, sisi, madala wanu ndi bozza, neh?" Pa chilankhulo chawo, bozza ndiye kuti bwana. Ndinayenda tsiku lonselo ngati ndakwezedwa pantchito.

Lamlungu lotsatira achimwene anabwera masana, atalankhula kale ndi mwini basi. Anakhala pampando, makiyi akuwazunguza pachala.

"Adadi, zonse zili shapu. Basi ndi ya Lachisanu, malo a kutsogolo, azakhali akudikira. Sisi, muwalongezere zikwama, neh?"

Abambo anatsegula pakamwa. "Ine... ndi..."

"Akuti akuthokoza," anatero achimwene.

"Achimwene," ndinatero, "dikirani."

"Koma sisi, ndili ndi lodi ya ku Spartan..."

"Lodi sithawa. Dikirani."

Tinadikira. Ndege inadutsa pamwamba kupita kubwalo, mawindo ananjenjemera, inapita. Achimwene anayang'ana wotchi, ine ndinawaponda phazi. Nkhope ya abambo inkagwira ntchito, nsagwada zikulimbana ndi liwu lililonse.

"Simu... nandi... funse."

Makiyi aja anasiya kuzungulira. Achimwene ndi munthu wamtima wabwino, kungoti mantha awo amaoneka ngati changu. Anayang'ana pansi, n'kufunsa ndi mawu amene sindinawamvepo chiyambire: "Nanga inuyo mukufuna chiyani, adadi?"

Yankho lake linatenga nthawi yoti n'kuphika mpunga, koma linabwera lonse. Sakupita. Amayi anagona kumanda a ku Germiston konkuno, ndipo sangawasiye okha. Anzawo a m'bungwe la maliro ali kuno. Masana adzisamala okha. Akagwa adzaimba foni, zala zikutha tsopano, ndipo anazikweza kuti tione. Achimwene azibwera Lachitatu lililonse kudzawatenga kupita ku mafizo, osati kutumiza mameseji. Ineyo ndisiye kuwathirira shuga m'tiyi, chifukwa ndimachulutsa. Anamaliza ndi kuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo ngakhale mwambiwo unatuluka zidutswa zitatu, palibe anayerekeza kuwamalizira.

Ndinachita manyazi, inde, koma chimwemwe chinaposa. Achimwene anapukuta m'maso ndi chipewa, natulutsa foni kuti auze mwini basi. Abambo anatambasula dzanja lamanja. Achimwene anazengereza pang'ono, kenako anaika foniyo m'dzanjamo.

Mwini basi anayankha ali paphokoso, tonse tikumva. "Halo? Halo! Ndani? Lankhulani msanga, madala, ndili bize!"

Abambo sanatekeseke. Anakoka mpweya.

"Dikira... mwanawe."

Ndipo munthuyo anadikira, mpaka abambo anamuuza okha kuti malo a kutsogolowo apatse wina.