Mizere ya Mpungabwi ya Mng'ono Wanga

Ndinadzuka tambala asanalire, phewa litachita dzanzi chifukwa chotsamira khoma. Amayi a mvano anali akuimbabe motsitsa mawu pafupi ndi bokosi la mng'ono wanga. M'nyumba monse munkamveka fungo la mpungabwi.

Nditatuluka ndinaona kumene fungolo linkachokera. Udzudzu utavuta pa siwa, anthu anathyola mpungabwi wa kuseri kwa nyumba n'kumauponya pamoto. Zikhomo zolembedwa manambala, zimene zinali kumayambiriro kwa mzere uliwonse, anasonkhezera moto wa nyemba.

Mng'ono wangayo anaphunzira za zomera ku yunivesite. Ankatola njere za mpungabwi ku Midzemba, kuno ku Nsambe ndi m'mapiri, n'kumadzala mtundu uliwonse pamzere wake. Ankati mphamvu ya mankhwala sichokera m'dothi mokha, chomera chimatengera kwa kholo lake malangizo opangira mafuta onunkhira a m'masamba ake. Malangizowo ankawatchula kuti majini. Amayi athu ankadana nalo dzinalo, ati likumveka ngati ziwanda.

Ndinaima pamizere yake yothyoledwayo. Sindinakalipire munthu.

Kutacha kunayamba mvula yowaza. Anthu ankafika m'magulu, matope m'miyendo, ena atafunda matumba a feteleza. Utsi unkangoyenda pansi. Dzuwa litakwera kunafika bambo wina wa ku Blantyre amene ankachita kafukufuku ndi mng'ono wangayo. Atapepesa maliro, anandiitanira pambali.

"Pepani mayi, kufunsa lero. Kodi mzere umene ankati ndi wamphamvu uja ndi uti?"

Ndinawatengera kuseri. Panali zitsa ndi mapazi a anthu basi.

"Sindikudziwa, bambo. Ankadziwa yekha."

Anagwada m'matope n'kutola tinthambi ta njere totsala, zamitundu yonse pamodzi, n'kukulunga m'kansalu.

Njira ya kumanda inali yoterera. Onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi, nyimbo n'kumadukira pachitunda. Abusa anafupikitsa ulaliki chifukwa cha mvula. Ndinaponya dothi langa, lina linandikakamira m'zala. Ndinadikira misozi, sinabwere.

Madzulo anthu anabalalika. Mabenchi a kutchalitchi anawabweza, m'nyumba munatsala mphasa ndi nsapato imodzi ya mwana wa eni. Amayi athu anadzuka, anatenga keni yothirira n'kulowera kuseri, chikhalirecho pansi panali patanyowa kale. Ndinakhala pamphasa, nyali yosayatsa, ndikumva madzi akugwera pazitsa zija.