Kampando ka m'wodi ya khansa

Atalephera kachitatu mayeso olowera sukulu ya udokotala, mtsikana wina anaponya mabuku ake onse m'bini. Anali wamasiye, ndipo ankakolopa m'wodi ya odwala khansa, momwe mayi ake anamwalirira. Ine ndinali namwino m'wodimo, choncho inu amene mwatopa ndi kulephera, izi ndinaziona ndi maso angawa.

Masiku amenewo tinali ndi dokotala wachikulire yemwe tinkamutcha a Kampando. Kulikonse ankayenda ndi kampando kathabwa, kakafupi, kothimbirira. Zotsatira za kupima sankauza wodwala ali chiimire. Ankayamba akhala pansi pambali pa bedi, kenako n'kuyankhula. Tinkawaseka kumbali, koma lero ndikakumbukira kugogoda kwa kampandoko pa simenti, mtima umandiwawa.

Tsikulo a Kampando anatola mabuku a mtsikana uja m'bini, n'kuika kampando pafupi ndi ndowa yokolopera.

"Mwana wanga, mabukuwa alakwanji?"

"Mutu wangawu ndi wouma, adokotala. Katatu konse."

"Odwala anga amabwerera mankhwala kasanu ndi kamodzi, akusanza, tsitsi likuthothoka. Iwe katatu kokha watopa?"

Kuyambira pamenepo, nthawi yopuma masana ankamukhazika pakhonde n'kumamufunsa mafunso. Akalakwa, ankamubwereza mpaka akhoze. Ulendo wachinayi anakhoza. Zaka zophunzira zinali zambiri, zina zolira, koma anabwerera m'wodi yomweyo atavala chovala choyera, ali dokotala wa khansa. Apo n'kuti a Kampando atapuma pa ntchito.

M'mawa wina mkuluyo anatulukira ataonda, malaya akuwakhwepa, kudzapimitsa. Zotsatira zitabwera, mtsikana uja, yemwe tsopano anali dokotala wathu, anaima pakhomo la chipinda chawo pepala lili m'manja. Kenako anatembenuka, kupita kosungira katundu, n'kubwera ndi kampando kaja kali fumbi lokhalokha. Anakapukuta ndi dzanja, n'kukhala pambali pa bedi.

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, akumwetulira.

"Mwakhala pansi. Ndiye kuti nkhani si yabwino. Nenani, adokotala, ndikumva."

Ananena zonse, osabisa kanthu, atawagwira dzanja. A Kampando anabwerera mankhwala kasanu ndi kamodzi, osajomba ngakhale tsiku limodzi.

Ngati mabuku anu ali m'bini lero, pitani mukawatole asanatayidwe. Musataye mtima, pali munthu amene adzafuna kuti mudzakhale pambali pa bedi lake.