Chola cha Gofu ndi Phewa la Ambuye

"Tulani chola icho, alamu! Mufuna kundichititsa manyazi pamaso pa anthu?"

Amene anakuwa choncho ndi mlamu wanga, a Mwanza, pakati pa bwalo la gofu la pa famu ina ya anthu olemela kufupi ndi Lusaka. Ine ndimagulitsa mbewu ndi mankhwala a thonje mu Nyimba, gofu sindiidziwa. Iwo ndi amene anandikokela kumeneko, ati tikagone konko, ndikaone mmene anthu amapumulila. Munali mu Okutobala, kwathu azimai akukanganilana pa mjigo, koma kumeneko mipopi inali kuwaza madzi pa kapinga woti sadyedwa ndi mbuzi ngakhale imodzi. Zimenezo ndinameza. Chimene chinandiima pakhosi ndi ichi: atandibweleka chola chodzaza ndodo zachitsulo, anaitana munthu woti azindinyamulila. Kunabwela mdala wa imvi mutu wonse, zala zikusuzumila m'nsapato. Pondipatsa moni lilime linawaulula kuti ndi Mnsenga mnzanga. A Daka, a ku Sandwe, msinkhu wa atate anga. Anakoloweka chola paphewa, phewalo n'kutsika, ine magazi n'kuwila. Ndinawalanda.

Phewa lotsika chotelo ndinakula ndikuliona. Ndikakumbukila ambuye, a Sakala, obala amai anga, m'mphuno mwanga mumabwelela fungo la fodya wopota ndi utsi wowawa wa mitengo ya thonje imene tinkatentha tikatha kukolola ku Kalindawalo. Anali munthu wamtali koma wopendekela kumanja, ngati nkhokwe imene chiswe chadya mwendo umodzi, ndipo malaya ankawatsetseleka mbali yomweyo. Unyamata wao wonse unathela ku Migodi, kumene amakumba mkuwa, akunyamulila azungu chola pa bwalo la gofu kuyambila mame mpaka dzuwa kupendeka. Chimene anabwela nacho kumudzi ndi phewa limenelo ndi ndodo imodzi yachitsulo yopindika khosi, imene mzungu wina anaiponya m'thengo atakwiya.

Zaka zonsezo sanaloledwe kumenya kampila ngakhale kamodzi pa kapinga wa azunguwo. Ndiye ankamenyela kumudzi. Chilimwe chikafika, minda ili mbee, mbuzi zikupalasa m'mapesi, ankatola timango tanthete togwa ndi mphepo, n'kutindandalika pa mzele, n'kuima miyendo tang'a. Umangomva kuti thwa! kamango kali m'mwamba, kukagwela kutsidya kwa dambo, agalu ali pambuyo. Sankaseka. Ankamenya mano ali gwa, ngati kamango kalikonse kali ndi dzina la munthu. Amai akati, "Atate, anthu aziti mwapenga," iwo ankangoti, "Asiye anene. Ndinaonelela zokwanila."

Pakhomo pao panali lamulo limodzi: wamkulu salowa pabwalo ndi katundu ana alipo. Kaya ndi mtolo wa nkhuni, kaya thumba la nshawa, kaya kakhasu chabe, ukamuona patali umathamanga kukamulandila ndi manja awili. Ukachedwa, ndodo ya gofu ija inkadziwanso ntchito ina.

Tsiku lina kunabwela mlangizi wa thonje, mnyamata wa ndevu zosamela bwino, wotumizidwa kuchokela kutali. Anatsika pa njinga yamoto napeza ambuye m'mphepete mwa munda. Popanda moni anawatambasulila chikwama chake cha mapepala. "Mdala, gwila ichi, unditsatile." Tonse tinaleka kupalila. Ambuye analandila ndi manja awili, mwaulemu ndithu, nayenda pang'onopang'ono mpaka padambo pamene nkhumba zinkagubuduka, nachikhazika m'matope bwinobwino ngati akugoneka khanda. Atabwelela anati, "Mwana wanga, phewa ili linapuma pantchito. Manja awiliwo Mulungu anakupatsa kuti uzipesela tsitsi?" Mnyamatayo analumbila kuti thonje lathu silidzagulidwa pamudzi. Chaka chimenecho tinakaligulitsa ku Kaumbwe pa ngolo, ambuye ali pamwamba pa mabelo, akusuta fodya wao.

Ndiye ine, munthu woleledwa chotelo, ndiyende manja lendelende nkhalamba ikuwefuka pambuyo panga? Alamu ndinawayankha kuti manyazi ao anawataya pa mlatho wa Luangwa tsiku limene anasamukila ku Lusaka. Ndinakuwa zambili, ndi za phewa la ambuye a ku Kalindawalo zomwe. Anzao a makabudula oyela anatembenuka. Woyang'anila bwalo anabwela pa kagalimoto kake kopanda phokoso, nanena ndi ulemu wonyansa kuti pa bwalo lao mlendo aliyense amayenda ndi womunyamulila chola. Ngati sindifuna, mdalayo apite kwao, ine ndikakhale pakhonde la nyumba yopumulila osewela.

Koma amene anandilasa ndi a Daka. Anandikokela pambali, maso ali psuu.

"Bambo, mwandiphela tsiku. Ndaima pageti kuyambila m'mamawa kuti ndipeze munthu womunyamulila. Ulemu wanuwo adzukulu anga adya? Ambuye anuwo anagona, ine ndikali moyo."

Anavala chipewa chao napita chimanjamanja. Ine ndinakhala pakhonde tsiku lonse ndikukukuta mano, osadziwa woti ndimutukwane: alamu, woyang'anila uja, azungu a ku Migodi amene anafa kale, kapena ambuye amene anandiphunzitsa lamulo lao osandiuza kuti njala nayo ili ndi lake. Madzulo alamu anandiuza mau amodzi okha: "Mailo mukwele basi yanu."

Basi sindinakwele. M'mawa mwake ndinafika pageti mame asanaume, ndinapeza a Daka ali pa mzele ndi anzao.

"Tiyeni, atate."

"Mwabwela kudzamalizitsa?"

"Tiyeni chabe."

Titalowa m'bwalo ndinakatenga chola chija, n'kuchikhuthula pa kapinga pamaso pa alamu ndi woyang'anila bwalo: ndodo zonse, ambulela, botolo la madzi, chilichonse. Ndinasankhapo ndodo imodzi yachitsulo, timipila ndinaika m'thumba la buluku. Chola chopanda kanthu ndinachipeleka kwa a Daka ndi manja awili.

"Lamulo lanu likuti anyamule chola," ndinamuuza woyang'anila. "Ndi icho anyamula."

Alamu anagwila pakamwa. A Daka anakoloweka cholacho, nachigwedeza paphewa, nandiyang'ana kuyambila kumapazi mpaka kumutu.

"Anthu a ku Kalindawalo mitu yanu siili bwino," anatelo. "Menyani tione."

Ndinaima miyendo tang'a, mano gwa, ndinamenya. Kampila kanapotoka n'kukagwela m'thengo, kutali ndi kumene anthu onse ankamenyela. Tinauyamba kukakafuna, ndodo ili m'manja mwanga, a Daka ali patsogolo akundinyoza m'Chinsenga, mapewa ao onse awili ali olingana.