Nkhope Yanga M'foni ya Apongozi

Ine ndili ndi matenda a manja oyabwa. Chinthu chikamagwira ntchito bwinobwino, mtima wanga sukhala m'malo mpaka nditachitsegula kuti ndione chifukwa chake. Ntchito yanga ndi yophunzitsa sitandade sikisi pa sukulu ina ya kwa Mwambo, koma ndikaweruka ndimakhalira laputopu yanga yakale imene ndinagula mumsika wa Zomba. Laputopu imeneyi yaona zambiri. Mwezi sutha ndisanaichotse sisitimu, pulogalamu yaikulu ija imene imayendetsa kompyuta yonse, n'kuikamo ina. Ina imayaka msanga koma pulinta siidziwa, ina imakongola koma mawu satuluka. Mkazi wanga amati laputopuyo yabatizidwa kambirimbiri kuposa munthu aliyense m'boma la Zomba.

Ndinakwatira m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndipo ndinamanga kuchikamwini, nyumba yanga kuyang'anizana ndi ya apongozi, pakati pali mtengo wa mango ndi thandala loyanikapo matemba. Makolo a banja limeneli anachokera ku Mozambique, ndipo nkhani ya ulemu sasewera nayo. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso ndiponso salankhulana mwachindunji. Mukakumana m'kanjira ka kudimba, wina amapatukira kutchire. Ine ndinapatuka zaka zinayi, mpaka miyendo yanga inadziwa minga yonse ya m'deralo. Zoti tiuzane zinkadzera mwa mkazi wanga, ngakhale titayandikana chotani. "Uwauze aphunzitsi kuti mbuzi yawo ikudya mpunga," ankatero apongozi ine ndili pomwepo ndikumva, mkazi wanga n'kutembenuka kundiuza za mbuziyo.

Apongozi aamuna anali msodzi. Ankatha milungu ali panyanja m'zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga pa udzu woyandama. Mlamu wanga wa ku Joni atawatumizira mafoni awiri a tachi, mkuluyo anaphunzirapo chinthu chimodzi chokha: kudina n'kulankhula. Kalembedwe ka uthenga sanavutike nako. Ankangotumiza mawu kwa akazi awo netiweki ikawakomera mtima. Chaka china anadwalira kunyanja komweko, ndipo anzawo pofika nawo kumtunda n'kuti atamwalira kale. Foni yawo inasowa m'chipwirikiti cha tsikulo. Zimene zinatsala ndi mauthenga asanu ndi awiri m'foni ya apongozi aakazi, ndipo m'mawa uliwonse akatha kusesa ankakhala kuseri kwa nyumba n'kumawamvera. Ine ndikangomva liwu la malemuwo ndinkasunthira kutali.

Tsiku lina foni ija inabwera kwa ine pa dzanja la mkazi wanga. "Amayi akuti ikuchedwa, muione." Ntchito yake inali ya mphindi zisanu, kungochotsamo makanema a kwaya amene anadzadza foni. Ndinachotsa, foni inayamba kuthamanga. Munthu wanzeru akanaibweza pomwepo.

Koma ndinaona kuti foniyo inalibe loko, ndipo mauthenga a malemu anangokhala poyera, poti chala chikhoza kutsetsereka n'kufufuta. Ndinadzimva kuti ndine mkamwini wothandiza. Ndinaikamo kapulogalamu kotsekera zinthu zofunika, n'kusamutsiramo mauthenga onse aja. Ndinatseka foni ndi nambala yaitali, yopanda tsiku lobadwa la munthu aliyense, yoti mbava ingalire nayo. Kenako ndinapeza kuti foniyo imathanso kutsegulidwa ndi nkhope. Zimenezi ndinali ndisanaziyesepo. Ndinaiyang'ana, ndinamwetulira, inandijambula, inatseguka. Ndinasangalala kwabasi. Ndinati nkhope ya apongozi tidzaikamo mawa mkazi wanga akadzapeza mpata, ndipo nambala ija ndinailemba mosamala m'laputopu.

Madzulo omwewo mphunzitsi mnzanga anandibwereka fulashi yokhala ndi sisitimu yatsopano. Dzuwa lisanalowe ndinali nditafomata laputopu.

M'mawa mkazi wanga anandipeza ndikutsuka m'kamwa.

"Inu, foni ya amayi ikukana."

"Ikukana bwanji?"

Anaikweza kuti ndione, foni n'kutseguka. "Si iyi? Ili bwinobwino," ndinatero. Anapita. Posakhalitsa anabweranso, kuikweza, kutseguka. Anabweranso ulendo wachitatu. Anailoza pa nkhope yake, inakana. Anailoza kwa nkhuku imene inkadutsa, inakana. Anailoza kwa ine.

"Abambo," anatero pang'onopang'ono, "mwachita chiyani?"

Ndinathamangira ku laputopu, ndipo inandilonjera yoyera mbee, yopanda kanthu kalikonse. Nambala ija inali itafufutika pamodzi ndi zonse. Kumvera mauthenga aja nkhope yanga inkakwanira. Koma kuwatulutsa m'kapulogalamu kaja, kapena kusintha nkhope, kunkafunika nambala. Choopsa kwambiri chinali chakuti foni ikangozima n'kuyakanso, nkhope siigwira ntchito mpaka ulembe nambala. Popanda nambala njira ndi kufomata basi, mawu a malemu n'kupitira pomwepo. Mafoni abwino amafunsa nambala pakapita masiku angapo ngakhale asanazime. Mwamwayi iyi sinali foni yabwino.

Yankho la apongozi linabwera kudzera pa mtengo wa mango. "Uwauze aphunzitsi kuti zikomo kwambiri." Zikomo ameneyo anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Choncho m'mudzi monse munthu mmodzi yekha amene apongozi saloledwa kumuyang'ana ndi amene foni yawo inkamufuna. M'mawa uliwonse mkazi wanga ankabwera nayo, ine n'kumwetulira, iye n'kuthamanga nayo isanadzitseke. Ndikapanda kumwetulira inkandikana, chifukwa inandijambula ndikuseka. Tsiku lina tinakangana ndi mkazi wanga za feteleza, ndipo ndinayenera kuima pakati pa mkangano n'kuonetsa mano. Nthawi ya holide ndinafuna kusunga ndevu. Patapita masiku asanu foni inayamba kukayika, ndipo tsiku lachisanu ndi chimodzi mkazi wanga anandipatsa lezala watsopano. "Amayi akuti muwalandirire kamphatso aka."

Zinavuta kwambiri sabata imene mkazi wanga anapita kukadwazika mng'ono wake ku chipatala. Ndinadzuka ndikuganiza kuti apongozi apirira. M'malo mwake ndinamva kutsokomola kuseri kwa nyumba yanga, kenako lichero linatulukira pa kona, pang'onopang'ono, litagwiridwa ndi dzanja lokhalokha, foni itagona pakati. Ndinagwada, ndinawerama pamwamba pa lichero, ndinamwetulira. Lichero linabwerera. Tinachita zimenezi masiku anayi. Tsiku lachitatu mzimayi wina wopita kudimba anationa, ndipo pofika Lamulungu mpingo wonse unali utamva kuti mphunzitsi uja amapembedza lichero.

Wina akhoza kufunsa kuti bwanji sindinangoliza mauthengawo n'kuwajambula ndi chipangizo china. Ndinaziganiza ndithu, koma ndinaziona kuti n'zauchimidzi. Ine munthu wodziwa makompyuta n'kumajambula mawu odutsa mumphepo, pamodzi ndi kulira kwa mbuzi? Ndinali ndi chikhulupiriro choti nditulutsa mafayilo enieniwo. Loweruka lililonse ndinkabwereka foni ija n'kuilumikiza ku laputopu, kebulo iyi, kebulo iyo, sisitimu iyi, sisitimu iyo, kuzula ndi kulowetsa. Loweruka lina ndinamva kanthu kakuti thwa m'kati mwa pochajira. Kuchokera pamenepo foni inasiya kulandira moto.

Batire linali pa theka. Ndinapalasa njinga mpaka ku Kachulu, kwa mkulu wina wokonza mafoni amene kabenchi kake kali pakati pa ogulitsa milamba yowamba. Anasuzumira pochajira paja ndi diso limodzi.

"Aphunzitsi, apa mwathyola ndinu. Ndikonza, koma ndiyambe ndachotsa batire."

"Osachotsa batire sizingatheke?"

"Mukufuna ndiwotcherere moto uli momwemo? Ingozimitsani, tikatha muyatsa."

Ndinamufotokozera zonse. Anaseka mpaka anagwira benchi, anaitana wogulitsa nsomba kuti amveko, kenako anapukuta misozi n'kundiuza mwachifundo kuti, "Thamangani mukajambule ndi chilichonse chimene muli nacho."

Pofika kunyumba batire linali litatsika kwambiri, chifukwa njira yonse ndinkaima n'kumayang'ana kuti latsala bwanji, ndipo foni ikandiona inkayaka mokondwa. Ndinauza mkazi wanga zoona zokhazokha. Ndinapempha kuti ndilowe nayo m'nyumba mwanga ndekha, poti pakufunika bata. Anapita kukanena, ndipo yankho ndinalimva ndekha lisanandifike.

"Uwauze aphunzitsi kuti amuna anga salankhula ine palibe."

Motero kwa nthawi yoyamba ndinalowa m'nyumba ya apongozi. Iwo anakhala pa mphasa atayang'ana khoma. Ine ndinakhala pakhomo nditayang'ana panja, laputopu pamiyendo. Mkazi wanga anakhala pakati ndi foni. Nditadina kuti ndiyambe kujambula, laputopu inandiuza kuti sikudziwa kuti ili ndi maikolofoni. Sisitimuyo ndinali nditaika dzulo lake.

Ndinatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo n'kuyamba kutayipa zonse zimene ndinkakumbukira. Mkazi wanga ankandiwerengera batire mokweza, dala. "Khumi ndi limodzi. Khumi. Abambo, naini." Pa eyiti kamzere ka mawu kanayamba kugwedera. Mkazi wanga analoza foni kwa ine, ndipo ndinamwetulira kumwetulira koipa kuposa konse kumene ndinachitapo.

Liwu la malemu linadzadza nyumba. "Mayi a ana, mchere watha kuno. Utumize ndi bwato la mawa."

"Ndinatumiza," anayankha apongozi kukhomako. "Munauiwala m'bwato ndinu."

Ndinakodola mkazi wanga kuti awauze akhale chete, tikujambula. Anandiyang'ana ndi diso loti ndinabweza dzanja langa msanga. Ndi pamene ndinazindikira kuti m'mawa monse muja kuseri kwa nyumba sankangomvera chabe, ankacheza.

Uthenga wachiwiri unali wodandaula udzudzu, ndipo apongozi anawakumbutsa za neti imene anaisandutsa khoka. Wachitatu malemu ankaimba nyimbo ya kutchalitchi molakwitsa, apongozi n'kumawakonza. Wachinayi munalibe mawu, anangodina mwangozi: mphepo, madzi akumenya bwato, kutsokomola patalipatali. Unali wautali zedi, batire lili pa folo. Ndinanong'oneza mkazi wanga kuti tidumphe.

"Uwauze asadumphe," anatero apongozi. "Apo akupalasa."

Tinamvera munthu akupalasa mpaka kumapeto. Wachisanu unadutsa, wachisanu ndi chimodzi unadutsa. Womaliza unayamba batire lili pa wani.

"Mayi a ana, milamba yagwidwa ndithu ulendo uno. Ndibwera Loweruka. Ndipo umuuze mkamwini wathu uja kuti..."

Foni inazima.

Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Mawu amene mayiyu anawasunga chaka chathunthu popanda loko, popanda nambala, ine ndinawadula pakati ndi nzeru zanga. Ndipo chidutswa chimene chinatayikacho chinali chonena za ine, munthu amene sindinadziwe n'komwe kuti malemu ankandikumbukira ali panyanja. Ndinangoti zyoli, maso pa makiyi a laputopu. Mkazi wanga ankalira mwakachetechete.

Kenako mphasa inachita phokoso. Apongozi anali akutembenuka. Ndinafuna kuthawira panja monga mwa chizolowezi, koma laputopu inali pamiyendo.

"Aphunzitsi."

Sanati uwauze. Ndinatembenuka, ndipo tinayang'anana. Zaka zinayi ndili pamudzi pawo, ndinali ndisakudziwa kuti maso a mkazi wanga ndi awo.

"Amati musagwire wailesi yawo mpaka abwere."

Mkazi wanga ndi amene anayamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Apongozi anatsatira, atagwira pakamwa ndi chitenje. Ine ndinaseka pomaliza. Laputopu inali ikujambulabe, moti zonsezi zinalowa.

Zimene tinajambulazo ndinazikopera pa mamemore khadi atatu, imodzi n'kuiika m'kafoni ka mabatani kopanda loko. Ndinapempha kuti ndichotsemo phokoso ndi mayankho awo kuti atsale mawu a malemu okha, koma anakana. Mpaka lero m'mawa akatha kusesa amamvera amuna awo akupempha mchere, iwo eni akuyankha, ndipo uthenga womaliza umayamba ndi liwu la mwamuna n'kutha ndi la mkazi.

Wailesi ija ili pa kashelefu m'nyumba mwawo. Mlongoti wake ndi wopindika, ndipo ikamalira imachita kaphokoso kena kamene ndikudziwa bwino lomwe kuti ndingakathetse pa mphindi khumi. Tsiku lina apongozi anandipeza ndikuiyang'ana ndili pakhomo, manja ndabisa kumbuyo. Anaipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, n'kunena osanditembenukira kuti, "Sanabwere."